Khoma la Nyanthumbi ndi Ana a Mankhokwe

Kalekale, bwato lisanadziwe injini, pakati pa dambo lalikulu la mabango panali mudzi wotchedwa Nyanthumbi. Amene anayamba kumanga pamenepo ayenera kuti anali munthu wamakani, kapena wothawa mlandu, chifukwa munthu wabwinobwino sangayale mphasa yake pamalo pomwe madzi a dzinja amayenda mokwera kuposa denga. Koma dothi lake linali lakuda ndi lonona, mpunga unkabereka mpaka kuwerama, ndipo nsomba ankachita kugawirako agalu. Choncho anthu anakhazikika, nabereka ana, naika akufa awo pomwepo.

Chimene chinkawagonetsa tulo linali khoma la dothi lozungulira nyumba zonse, lalitali kuposa madenga, lotambalala moti anthu awiri osenza madengu ankadutsana pamwamba pake osagundana. Banja lililonse linali ndi ndime yake pakhomapo. Dothi lokwezera khomalo silinkakumbidwa pena paliponse ayi. Linkachokera m'ngalande ya mabwato, njira imodzi yokha yotulukira m'mudzimo kupita kumtunda. Chilimwe chilichonse anthu ankalowa m'ngalandemo mpaka m'chiuno, kuvuula matope, kusenza m'madengu, kukatsindira pakhoma. Ngalande ikamazama, khoma linkakwera. Ulesi wa chaka chimodzi unkaonekera pawiri: mabwato ankatitimira m'matope, ndipo khoma linkafupika.

Ngalandeyo sinali yowongoka. Inkachoka kumtsinje waukulu n'kukazungulira kutali, kulambalala bango lowirira lomwe linamera kutsogolo kwa khoma. Alendo ankadandaula m'bwato: "Mudzi tikuuona uwo, nanga tikuzunguliranji ngati tikuthawa apongozi?" Eni mudzi ankangoseka. Iwo ankadziwa kuti madzi ayenera kufika padoko atatopa. Bango limenelo ndilo linkathyola ukali wa mtsinje, ndipo munthu sankaloledwa kudulamo ngakhale kabango kamodzi kopangira mwana chitoliro.

Pothera ngalande panali doko, ndipo padokopo khoma linali ndi chipata cholowetsera mabwato. Pambali pa chipatacho panazikidwa mzati, wotemedwa ndi nkhwangwa pamalo amodzi. Madzi akakwera n'kufika potemedwapo, wosunga doko ankaliza lipenga la nyanga, amuna n'kutsitsira mitengo ya mgwalangwa m'chipatamo, wina pamwamba pa unzake, n'kumata ndi dothi. Chikatsekedwa chatsekedwa. Wotsalira kunja ankadzionera yekha mpaka madzi ataphwera. Kuseri kwa mudzi, kumunsi komwe khoma linkatchinga liwiro la madzi, ndiko kunali minda ya mpunga ndi manda.

Lamulo lalikulu la mudziwo linali limodzi, ndipo ana ankaliyamwira kubere. Madzi akalowa m'mudzi chifukwa cha dzanja la munthu, munthuyo ankakwezedwa yekha m'bwato lopanda nkhafi, lopanda nsungwi yokankhira, n'kukankhidwira kumtsinje. Kumene ankathera palibe ankafunsa. Mudzati ndi nkhanza, ndipo ndi nkhanzadi. Koma anthu ogona m'munsi mwa madzi amaopa mnansi wa mtima wabwino monga momwe amaopera mnansi waulesi, pakuti onse awiri angathe kusiya chipata chotsegula.

Woyang'anira khoma, ngalande ndi doko anali mkulu wina dzina lake Mankhokwe. Anagwira ntchitoyi mpaka matope anamudya mawondo, nayamba kuyenda chokwawa ndi ndodo ziwiri. Mkazi wake anali atagona kale kumanda a kumunsi kuja. Ataona kuti mphamvu zatha, anaitana eni ndime onse padoko, nagawira ana ake atatu ntchito yake pamaso pawo.

Dzimbiri, mwana woyamba, analandira khoma. Ameneyu anali munthu wosayankhulayankhula, woyenda pakhoma m'mawa uliwonse ndi chibonga, akugogoda pansi kufunafuna mauna a mbewa ndi a nkhanu. Mukamufunsa ngati wadzuka bwino, ankayamba wayang'ana khoma asanakuyankheni. Ndaziona, mwana wamkazi, analandira doko ndi lipenga. Anali ndi khanda kumsana ndi pakamwa poti asodzi ankamangirira mabwato awo molongosoka pongomva kuti akubwera. Chimwaza, chitsiriza, analandira ngalande. Pa chikwakwa panalibe womuposa, ndipo pa makani panalibenso womuposa. Iye ndi bambo wake sankamaliza chakudya osatsutsana.

"Bambo, ngalande iyi ikutitayitsa nthawi," ankatero Chimwaza. "Titadula pakati pa bango lija, munthu angamafike kumtsinje fodya asanazime."

"Madzi saiwala khwawa, iwe," ankayankha Mankhokwe. "Ukawaonetsa njira kamodzi, sudzawabwezanso."

"Nanga madzi ndi mfumu?"

"Kuno inde."

Chaka china, mpunga utatsala pang'ono kucha, kumtunda kunagwa maliro a munthu wachibale ndi pafupifupi mudzi wonse. Anthu anadzaza mabwato, amayi, nkhalamba, ana oyamwa, nakagona kusiwa. Panalibe wodera nkhawa. Mvula inali itakata kwa masiku, ndipo kumwamba kunali mbee.

M'mawa wa tsiku lobwerera amaliro, Mankhokwe anakwawira pachulu chachikulu chomwe chinalumikizana ndi khoma pafupi ndi doko. Pamenepo ndi pomwe ankakonda kukhala, chifukwa ankaona zonse: ngalande, bango, chipata, ndi minda kuseri. Atangokhala pansi, mtima wake unayamba kukana. Dzuwa linkawala bwinobwino, koma akakowa onse anali atachoka m'dambo. Linthumbu linkakwera khoma litasenza mazira ake. Mbewa zinkatuluka m'mauna masanasana, osaopa mphamba. Kenaka madzi a m'ngalande, omwe dzulo lake anali akuda ndi odekha, anayamba kufiira.

Tsoka silinunkha, amatero, koma la tsiku limenelo linkanunkha dothi la kumapiri. Mvula inali itagwa kutali, kumalo komwe anthu a ku Nyanthumbi sanapondeko, ndipo tsopano inkabwera wapansi. Kumtsinje kunayamba kudutsa mapesi a chimanga, kenaka mtondo wosinjira, kenaka denga la nkhokwe, nkhuku itaima pamwamba pake. Mankhokwe anachita mantha, mantha enieni a munthu amene akudziwa chimene chikubwera koma miyendo alibe.

Anaitana mwana wake wamkazi. "Ndaziona, kwatsala bwanji pamzatipo?"

"Chikhatho chimodzi, bambo."

"Amaliro aja?"

"Sanaoneke."

"Ukudziwa chochita."

"Ndikudziwa," anatero Ndaziona, koma sanawayang'ane kumaso.

Dzuwa lili paliwombo, mabwato anaoneka akulowa m'ngalande motsogozana, odzaza mpaka m'milomo. Atafika pomwe ngalande imakhota polambalala bango lija, anaima. Chigumula chinali chitazula chisumbu chonse cha gumbwa ndi udzu, n'kuchitsamiritsa pokhotapo, njira n'kutsekeka. Opalasa anayesa kubwerera, koma m'mbuyo mwawo munkabwera chisumbu china, chachikulu kuposa choyamba, chikukankhidwa ndi mtsinje wonse. Mabwato anatsala pakati, ndipo mpata unkachepa anthu akuona. Ali pachulu, Mankhokwe ankamva kulira kwa ana kukubwera ndi mphepo.

Chimwaza anali m'ngalandemo kuyambira mbandakucha, akuchotsa zinyalala ndi anzake. Anayesa kutema chisumbu cha kutsogolo, koma chinali chochindikala, ndipo pomwe watema pankatsekekanso. Anaimirira m'kabwato kake, nayang'ana mabwato, nayang'ana bango loletsedwa lija. Kuseri kwa bangolo doko linali pafupi. M'bwato lina munali mkazi wake, yemwe anali ndi pakati. Mankhokwe anaona mwana wake akutembenuza kabwato, ndipo anadziwa. Anakuwa kuti "Usatero," koma mkokomo wa madzi unameza mawu ake. Chimwaza analumphira m'madzi ofika m'khosi, nayamba kutema. Anzake anazengereza pang'ono, kenaka anamutsatira. Bango lomwe silinalawepo chitsulo chiyambire mudzi linagwa mbali iyi ndi iyo, ndipo bwato loyamba linalowa m'njira yatsopanoyo, ena akutsatira pambuyo. Lotsiriza litangokhota, zisumbu ziwiri zija zinakumana pomwe panali mabwato, n'kuphwanya kabwato ka Chimwaza ngati chigoba cha dzira. Anthu anapulumuka. Koma mtsinje nawo unaiona njira ija, ndipo unalowamo pambuyo pawo.

Padoko madzi anali atafika potemedwa. Amuna otsala m'mudzi anali atagwira kale zingwe za mitengo ya mgwalangwa, akudikira lipenga. Ndaziona anaima pachipata, lipenga lili m'manja, khanda lili kumsana. Mabwato oyamba analowa, anthu akugwera pansi ndi kupsompsona dothi. "Lizani, mayi," anatero wina wogwira chingwe. "Potemedwa pamira." Ndaziona anayang'ana kungalande. Kunja kunatsala bwato limodzi, lalikulu ndi lolemera, la nkhalamba ndi amayi a ana aang'ono, ndipo linkabwera pang'onopang'ono chifukwa wopalasa mmodzi anali atataya nkhafi. Linali pafupi moti nkhope zinkadziwika. Mankhokwe anaona mwana wake akukweza lipenga kufika pamilomo, n'kulitsitsanso. Anaonanso chimene Ndaziona sankachiona: madzi ofiira akuthamanga m'njira ya Chimwaza, owongoka, osatopa, akulunjika pachipata. Bwato lotsiriza linalowa litanyamulidwa ndi madzi omwewo. Lipenga linalira, mitengo inatsika, koma m'mbali mwa chipata munali mutadyeka kale. Mtengo woyamba unagwedezeka, unapendekeka, n'kulowa m'mudzi ukuyandama, ndipo inzake inautsatira.

Madzi anakhuthukira pakati pa nyumba. Anthu anathawira pamwamba pa khoma atanyamula ana, mbuzi, ndi odwala pamphasa. Mudzi wozunguliridwa ndi khoma uli ngati mphika: chimene chimaletsa madzi kulowa chimawaletsanso kutuluka. Anafika m'mawondo, anafika m'chiuno, anayamba kunyambita makhonde a nkhokwe. Dzimbiri anayenda pakhoma akugogoda ndi chibonga chake, ndipo kulira kwa dothi sikunamukondweretse. Khoma lonyowa mbali zonse ziwiri silichedwa kusungunuka, ndipo mudzi wonse unali utaima pamwamba pake. Anataya chibonga, natola khasu. Njira yake inadutsa pachulu pomwe panali bambo wake.

"Ukupita kuti ndi khasu, Dzimbiri?"

"Kumunsi, bambo. Madziwa akapanda kupeza potulukira, dzuwa lisanalowe khoma ligwa ndi anthu."

"Kuseri kumeneko kuli mpunga wa mudzi wonse."

"Ndikudziwa."

"Kwagonanso amayi ako."

"Ndikudziwa, bambo."

Anaima pang'ono, ngati akudikira kuletsedwa kapena kuloledwa. Mankhokwe anayang'ana kumbali. Dzimbiri anapita. Munthu amene anatha zaka akutseka timauna ta nkhanu anakumba khoma lake lomwe, pamalo pomwe ankadziwa kuti ndi pofewa. Poyamba madzi anatuluka ngati a mumtsuko wobooka, kenaka anadzikulitsira okha njira. M'mudzi madzi anasiya kukwera, ndipo khoma linaima. Koma kuseri, chigumula chinadutsa m'minda n'kuzula mpunga wonse ndi mizu yomwe, chinafika kumanda n'kufukula.

Atawerengana madzulo ake, panalibe wosowa, ngakhale mwana mmodzi. Amayi analuluta. Ena anamunyamula Chimwaza pamapewa, ena anagwada pamaso pa Ndaziona akuomba m'manja, ndipo nkhalamba zinagwira manja a Dzimbiri omwe anali atatupa matuza. Tsiku limenelo ana a Mankhokwe akanapempha ng'ombe, anthu akanakaibwereka kuti awapatse.

Koma kuthokoza sikukhalitsa m'mimba yopanda kanthu. Madzi ataphwerako, anthu anatsikira kuminda napeza mchenga wokhawokha. Anapita kumanda napeza dziwe. Ena anatola mafupa atakodwa m'mabango, osadziwa kuti ndi a yani, nawakulunga m'nsalu akulira. Mankhokwe anapempha kuti amunyamule akaone pomwe panagona mkazi wake, ndipo anapeza matemba akusambira pamenepo. Sanalire pamaso pa anthu, koma kuyambira tsikulo ankalephera kumuyang'ana Dzimbiri. Chakudya chonyowa cha m'nkhokwe chinaola. Amayi anayamba kumira m'dambo kufunafuna nyika, mizu ya maluwa a m'madzi yodyedwa panjala, m'madzi momwe tsopano munali ng'ona zobwera ndi chigumula. Amene analuluta aja anayamba kulankhulira pansipansi, ndipo ana a Mankhokwe akamadutsa, nkhani inkaduka.

Dzimbiri analengeza kuti mawa lake aliyense abwere ndi khasu ndi dengu, atseke pobooka pawiri paja. Anthu anabweradi. Koma anafika padoko, navundikira madengu awo pansi, nakhalapo. Mankhokwe anakhazikidwa pamphasa patsogolo pawo. M'mphepete mwa madzi munali bwato laling'ono, lomangidwa ndi chingwe chimodzi, mopanda kanthu m'kati mwake.

Anaimirira Fombe, mwini ndime yaikulu, munthu waulemu amene mkazi wake ndi ana ake awiri anali m'bwato lotsiriza lija. Anavula chipewa, nayamba kuyankhula.

"A Mankhokwe, musandione ngati wosayamika. Ana anga akupuma lero chifukwa cha ana anu. Koma ine ndasenza matope chiyambire ubwana wanga chifukwa ndinkadziwa kuti bango silidulidwa, lipenga limalira panthawi yake, ndipo khoma silikumbidwa. Lero tikangoti zapita, chaka chamawa wina adzadula bango chifukwa cha mbuzi yake, wina adzasiya chipata chifukwa cha bwenzi lake. Aliyense adzakhala ndi chifukwa chabwino. Ndiye tisenzerenji? Lamulo limafuna munthu mmodzi. Manja anali atatu, ndipo ife talephera kugwirizana. Munawagawira ntchito ndinu. Tchulani dzina, ife tigwire makasu."

"Dzina lake ndi Mankhokwe," anatero mkuluyo. "Ndine ndinawasankha. Ndikwezeni."

Fombe anapukusa mutu. "Inu munatula ntchito pamaso pathu tonse. Dzanja lanu silinagwire chikwakwa, lipenga kapena khasu. Kukweza nkhalamba yoti yatsala pang'ono kale n'kunamiza lamulo, ndipo achinyamatawa adzaona kuti lamulo limanamizika."

Chimwaza sanadikire kupatsidwa mpata. "Bango ndinadula, inde, ndipo bango limaphukanso. A Fombe, mukanakonda ndikusungireni bango kapena amayi a ana anu? Ena akuti ndinadula chifukwa munali mkazi wanga. Munalidi. Nanga enawo anali mitengo? Koma mumve bwino: ine madzi sindinawalowetse m'mudzi. Ndinawafikitsa pakhomo. Pakhomopo panali mwini wake."

Ndaziona anamuyang'ana mlongo wakeyo. Kenaka anasuntha khanda kuchoka kumsana kubwera pachifuwa. "Chipata ndinachisiya dala. Ndikanaliza lipenga mabwato oyamba atalowa, mitengo ikanagwira, mpunga ukanakhalapo, ndipo manda akanakhalapo. Ndinaona nkhope za anthu, ndiye ndinadikira. Madzi amene ndimawadziwa ine amafika atatopa, ndipo akanandipatsa nthawi. Awa anabwera akuthamanga, ndipo sindine ndinawatsegulira njira. Koma sindikunamizani. Mukandibwezera padoko, zikadzachitikanso, ndidzadikiranso."

Anthu anang'ung'udza. Mawu otsirizawo sanamuthandize.

Dzimbiri anayankhula ali chikhalire, akuyang'ana manja ake. "Mng'ono wangayu anali ndi mantha. Mlongo wangayu anali ndi chisoni. Ine ndinalibe chondithamangitsa. Ndinaima, ndinaganiza, ndinasankha malo, ndikudziwa amene agona kuseri kwake. Njala imene mukuimvayi yadutsa pakhasu langa. Musavutitse bambo. Ndikwera ine."

"Iweyo ayi," inatero nkhalamba ina yomwe inapulumukira pakhoma. "Unapeza mudzi utamira kale. Komanso ukapita, adzatseka ndani pobooka madzi akuyenda? Ife timadziwa kusenza, sitidziwa kutseka."

"Nanga manda anafukula ndani?" anafunsa wina kumbuyo. Phokoso linabuka, ndipo Fombe anachita kukweza manja kuti anthu akhale chete. Maso onse anabwerera kwa Mankhokwe.

Mkuluyo anayang'ana ana ake mmodzimmodzi, ndipo mtima unamuwawa kuposa mawondo. Dzina la Chimwaza linabwera msanga pakamwa pake. Ndiye anayamba, ndiye sanamvere chiyambire, ndiye wangokankhira mlandu kwa mlongo wake pamaso pa anthu. Koma kufulumira kwa dzinalo n'kumene kunamuopsa: kodi akuweruza bango, kapena akubwezera makani a zaka zonse zija? Ndipo popanda chikwakwa cha Chimwaza, theka la anthu okhala pamadenguwa likanakhala pansi pa gumbwa.

Anayang'ana Ndaziona. Lamulo linkamuloza iyeyo mowongoka kuposa onse, pakuti madzi analowera pachipata chake, ndipo wanena yekha kuti sadzasintha. Koma iye yekha ndiye analibe wake m'mabwato aja. Anadikirira ana a eni. Bwato lija limakwera munthu mmodzi, ndiye kuti khanda ili lidzachotsedwa pabere lero lomwe, m'mudzi wopanda ngakhale ufa wa phala.

Anayang'ana Dzimbiri, mwana amene sanamuyankhepo mwano, amene wadzipereka yekha kuti apeputse bambo wake. Kumulola kukanakhala kosavuta, ndipo pansi pa mtima Mankhokwe anapeza kamkwiyo kamene kankafuna kumulola, chifukwa cha dziwe la matemba lija. Anachita manyazi nako. Ankadziwa kuti mwanayo anaima pachulu kudikira mawu, ndipo iye sanamupatse.

Ali chiganizire, kumapiri kunagunda. Anthu onse anatembenuka. Kutali, komwe mtsinje umachokera, kumwamba kunali kutada bii, ndipo mphezi inkang'anima mwakachetechete m'kati mwa mdimawo. Aliyense padokopo ankadziwa kuti mvula imeneyo ikagwa lero, mawa kapena mkuja ifika ku Nyanthumbi, ndipo idzapeza bango lodulidwa, chipata chopanda mitengo, ndi khoma lobooka. Komabe palibe anadzuka padengu lake.

"A Mankhokwe," anatero Fombe motsitsa mawu, "nthawi yatithera."

Munthu wina anatsikira kumadzi, nagwira chingwe cha bwato lija, nayamba kumasula mfundo. Khanda la Ndaziona linadzuka n'kuyamba kufunafuna bere. Mankhokwe anatsamira ndodo zake ziwiri, nadzikoka mpaka kuimirira.

Ine nkhaniyi ndiisiyira pomwepa, mkuluyo ali chiimire, chifukwa amene ndinawafunsa za dzina lomwe linatchulidwa anangoyamba kukangana okhaokha, monga muyambire inu posachedwapa. Musandiuze kuti lamulo lithetsedwe, pakuti madengu sanyamulidwa dzina lisanamveke, ndipo mvula ija sikudikira. Musandiuzenso kuti akwere mkuluyo, pakuti anamukana kale. Wina anadula bango napulumutsa mabwato, wina anasiya chipata napulumutsa otsalira, wina anaboola khoma napulumutsa onse, ndipo atatuwa pamodzi anamiza mudzi. Inuyo mukanakhala Mankhokwe, ana anu atatu akukuyang'anani, mukanatchula dzina la yani?